Mwana Woyasamulayasamula: Timuyezebe Kapena Timuuze Kuti Ndi Maganizo?

Dandaulo lake limamveka mofanana kulikonse: "Mpweya sukufika pansi." Mwana wa zaka 14 kapena 16 amakoka mpweya mpaka mapewa kukwera, koma amamva kuti patsala kachigawo kakang'ono kuti ukwane, ndipo kachigawoko ndiye kakukanika. Kenako amayasamula. Nthawi zina kuyasamulako kumatheka, chifuwa n'kutseguka, mtima n'kukhala m'malo kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Nthawi zambiri kumathera panjira, kukamwa kuli yasa, mpweya osalowa. Zikayamba zimatha milungu, mwinanso miyezi. Kunyumba amati ndi njala kapena ulesi. Aphunzitsi amati mwanayo amagona mochedwa chifukwa cha foni. Kumapemphero ena amati woyasamulayasamula ali ndi mizimu yofunika kutulutsa. Zonsezi zikalephera, amayi ake amanyamula buku la kuchipatala n'kupita naye. Adokotala amamvetsera m'chifuwa, amamupana chala ndi kachipangizo koyezera okosijeni, kachipangizoko n'kuonetsa 98, ndipo amamuuza kuti, "Ulibe vuto iwe, ndi maganizo chabe."

Pa mawu amenewa achipatala odziwa bwino ntchito yawo sagwirizana. Ena amati adokotalawo anena zoona, ndipo amupulumutsa mwanayo ku ulendo wautali wa zoyezayeza ndi mapiritsi opanda phindu. Ena amati mawuwa amatuluka msanga kwambiri m'zipatala zathu, ndipo pansi pake pamakwiririka mphumu, kuchepa kwa magazi ndi matenda a mtima.

Oikira kumbuyo adokotala aja amayamba ndi mfundo imene imadabwitsa ambiri: kuyasamula sikusonyeza kuti thupi likuperewera okosijeni. Mu 1987 Robert Provine, katswiri wa ku America amene anatha zaka zambiri akufufuza za kuyasamula ndi kuseka, anapumitsa ophunzira a pakoleji okosijeni yekhayekha, ndipo nthawi ina anawapumitsa mpweya wowonjezeramo carbon dioxide. Kapumidwe kawo kanasintha, koma kuyasamula sikunachepe kapena kuchuluka. Zimene ambirife tinakula tikumva, zoti munthu amayasamula kuti atape mpweya wochuluka, zinagwera pamenepo.

Kuusa moyo nakonso ndi ntchito imene thupi limagwira palokha. Munthu wabwinobwino amakoka mpweya waukulu pafupifupi kamodzi pa mphindi 5 zilizonse, osazindikira n'komwe, ndipo mpweya umenewu umatsegulanso timatumba ting'onoting'ono ta m'mapapo timene tinali titaphwa. Mu 2016 magulu a Jack Feldman ndi Mark Krasnow ku California anapeza timagulu ta maselo a muubongo wa mbewa timene timalamula kuusa kumeneku. Ntchitoyi ili ndi mwini wake kale. Zimasokonekera munthu akailanda n'kuyamba kuilondera yekha.

Mmene zimayambira ndi motere. Tsiku lina mwana anaona kuti mpweya sunakwane, mwina ali ndi chimfine, mwina atangomva za maliro a mnzake, mwina usiku woti mawa kuli mayeso. Anachita mantha, n'kuyesanso. Kuchokera pamenepo amatchera khutu ku mpweya uliwonse kuti amve ngati wafika. Amapumira pamwamba pa chifuwa, ndi mapewa ndi khosi, m'malo mopumira m'mimba, ndipo amafulumira kukoka wina asanatulutse wonse woyamba uja. Ndowa yodzaza kale simungathiremo madzi ena, ngakhale mjigo utamatulutsa chotani. Mapapo ake akukana chifukwa ndi odzaza. Pamwamba pa izo, kukoka mpweya waukulu pafupipafupi kumatulutsa carbon dioxide wambiri kuposa amene thupi likupanga. Mpweya umenewu timautenga ngati zinyalala, koma ukachepa m'magazi mitsempha yopita kuubongo imafinyika pang'ono, munthu n'kumva chizungulire, dzanzi m'zala ndi m'milomo, nthawi zina zala n'kuuma gwa. Minofu ya pakati pa nthiti imatopa n'kumapweteka. Mwana akamva zonsezi amatsimikiza kuti mtima wake wawonongeka, ndiye amapuma mwamphamvu kuposa kale, zizindikiro n'kukulirakulira.

Vutoli lili ndi kaonekedwe kake, akutero a mbali iyi, ndipo amene walionapo kangapo salisowa. Limakula mwana akakhala phee: m'kalasi, m'tchalitchi, pabedi asanagone. Akalowa m'bwalo la mpira kapena la netibo limaiwalika. Akagona tulo amapuma bwinobwino mpaka kucha. Satsokomola, m'chifuwa simulira, thupi silikutha. Matenda a m'mapapo ndi a mtima amachita mosemphana ndi zimenezi, chifukwa amaonekera pokwera chitunda, posenza madzi, pothamangira belu la kusukulu. Komanso nkhaniyi si ya ana a masiku ano okha. Mu 1871 Jacob Da Costa, dokotala wa ku Philadelphia, analemba za asilikali a pankhondo yapachiweniweni ya ku America amene ankadandaula za phuma, kuthamanga kwa mtima ndi kupweteka pachifuwa, koma osapezeka ndi chowonongeka mumtima. M'zaka za m'ma 1980 akatswiri a ku Netherlands anakonza mafunso 16, odziwika ndi dzina la mzinda wa Nijmegen, othandiza kuzindikira anthu opuma mosokonekera chonchi, ndipo mafunsowo akugwirabe ntchito lero.

Mfundo yawo yamphamvu kwambiri, kwa ine, ndi yoti kuyeza nakonso kumavulaza. Kholo lachikondi limaganiza kuti kujambulitsa m'chifuwa kapena kukoketsa magazi kachitatu sikungapweteke munthu. Koma mwana wamantha amawerenga nkhope za akuluakulu. Akaona kuti achoka pa chipatala chaching'ono kupita chaboma, kuchoka chaboma kupita cholipira, amadziwa mumtima mwake kuti pali chinachake choopsa chimene onsewa akulephera kuchipeza. Zotsatira zabwino zimamutonthoza masiku awiri, tsiku lachitatu wayambanso kutchera khutu. Nthawi yomweyo ndalama za thiransipoti zikupita, masiku a sukulu akupita, ndipo penapake panjira wina amamulembera mankhwala pongofuna kuti asabwerere chimanjamanja. Akapatsidwa mapiritsi a salbutamol, amene amanjenjemeretsa manja ndi kuthamangitsa mtima, mantha ake amapeza umboni watsopano. Ena amamwa amoxyl ndi bactrim mosinthanasinthana popanda kachilombo kalikonse kophedwa. Chithunzi cha m'chifuwa chikaoneka mokayikitsa kwa wochiwerenga, mwana angathe kuyambitsidwa mankhwala a TB a miyezi 6. Akuluakulu anati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere imufotere yekha, koma nyanga iyi ikamafota imapita ndi chaka cha sukulu ndiponso ndalama ya feteleza.

Otsutsa mbali iyi savutika n'kukana sayansi yonseyi. Amaivomera. Funso lawo ndi loti mawu akuti "tayeza, palibe chimene tapeza" akutanthauza chiyani pamalo pamene anenedwera. Ku London kapena ku Amsterdam, dokotala akamauza mwana kuti vuto ndi kapumidwe, nthawi zambiri amakhala atamuuziritsa m'makina a spirometry oyezera mphamvu ya mapapo, atawerenga magazi ake, mwinanso atamuunika mtima. Pa chipatala chakumudzi chimene wachipatala mmodzi akuona mzere wozungulira khonde lonse, mawu omwewo angatanthauze kumvetsera m'chifuwa kwa masekondi ochepa pamwamba pa yunifolomu. Chiganizo n'chimodzi, koma kulemera kwake n'kosiyana kwambiri.

Ndiyeno amatchula zimene kumvetsera kotere kumaphonya, ndipo choyamba ndi mphumu. Mwana wa mphumu akafika kuchipatala 10 koloko m'mawa atakhala pabenchi maola awiri, m'chifuwa mwake mungathe kukhala zii. Mluzu wa m'chifuwa cha mphumu umalira usiku ndi m'bandakucha, kapena m'nyengo ya chisanu cha June ndi July, kapena pamene fumbi ndi utsi wa lupsa zadzaza m'mwamba cha mu September ndi October. Kafukufuku wa ACACIA, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2024, anafunsa ana a sukulu oposa 27,000 m'mizinda ya Blantyre, Harare, Durban, Kampala, Kumasi ndi Lagos. Pafupifupi 12 pa 100 alionse ananena kuti m'chifuwa mwawo munalirapo m'chaka chimenecho, ndipo mwa anawa 8 pa 10 alionse anali asanauzidwepo ndi wachipatala kuti ali ndi mphumu. Kuno kwathu, akutero, cholakwika chofala si kupatsa ana dzina la mphumu pachabe ayi, koma kusawapatsa pamene alidi nayo. Onjezeranipo mantha amene mabanja ambiri ali nawo pa mankhwala opopera m'kamwa, oti ukayamba susiya, kapena oti amapatsidwa kwa munthu amene watsala pang'ono kufa, ndipo muona chifukwa chake kholo ndi dokotala onse awiri amapepukidwa mtima akagwirizana kuti ndi maganizo.

Chachiwiri ndi kuchepa kwa magazi, ndipo apa kachipangizo ka pachala kaja kamanamiza anthu ngakhale kakugwira bwino ntchito. Kamayeza gawo la magazi ofiira limene lanyamula okosijeni, osati kuchuluka kwa magaziwo. Mtsikana amene kuchuluka kwa magazi ake kuli pa 7 angaonetse 98 kapena 99 bwinobwino, pamene bungwe la WHO limati mtsikana wa msinkhu umenewu akatsika pansi pa 12 ndiye kuti magazi achepa. Ganizirani mtsikana wa pasukulu yogonera konko, wodya nsima ya nyemba sabata yonse, amene amataya magazi ambiri akamasamba ndipo sanauzepo munthu, amene wadwalapo malungo kawiri m'dzinja, mwinanso ali ndi njoka za m'mimba kapena likodzo. Ameneyu amatopa, amayasamula, mtima umamuthamanga, mpweya sumukwana. Kuyeza kwake n'kwa dontho limodzi la magazi, ndipo mankhwala ake ndi mapiritsi otsika mtengo. Kumuuza kuti achepetse kuganiza ndi nkhanza, ngakhale wonenayo sakudziwa. Pa kachipangizo komweko amawonjezera zimene ofufuza a pa yunivesite ya Michigan anafalitsa mu 2020, zoti kankaphonya kuchepa kwa okosijeni mwa odwala akhungu lakuda pafupifupi kuwirikiza katatu poyerekeza ndi azungu. Apa ndiyenera kunena mwachilungamo kuti kafukufukuyu anali wa odwala ogonekedwa amene nambala zawo zinali pakati pa 92 ndi 96. Mwana woyenda yekha amene waonetsa 98 kangapo, nambala yake ndi yokhulupirika ndithu. Mfundo ya magazi ochepa ndiyo yolimba. Ya khungu ndi chenjezo chabe.

Kenako pali mtima. Zilonda zapakhosi zimene mwana anadwala ali ndi zaka 8 osalandira penisilini zingathe kuwononga pang'onopang'ono mavavu a mtima, tizitseko timene timaletsa magazi kubwerera m'mbuyo, ndipo phuma limayamba kuonekera pa msinkhu womwewu wa sekondale. Ku Ulaya matendawa anatsala pang'ono kutheratu, n'chifukwa chake mabuku olembedwa kumeneko samawaika patsogolo. Kuno alipo. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016, amene anaunika mitima ya ana oposa 1,400 m'boma la Lilongwe, anapeza zizindikiro zake mwa ana pafupifupi 3 pa 100 alionse. Pali achinyamata amene anabadwa ndi HIV, ena osadziwa n'komwe, amene ofufuza otsogozedwa ndi Rashida Ferrand ku Harare ndi ku Blantyre aonetsa kuti ambiri amakhala ndi matenda okhalitsa a timachubu ta m'mapapo, ovuta kuwaona pa chithunzi wamba cha m'chifuwa. Pali TB. Palinso matenda a shuga a ana, amene akafika poipa amachititsa munthu kupuma mozama ngati wousa moyo, kapumidwe kamene Adolf Kussmaul anakafotokoza mu 1874. Mwana wotereyu, woonda, waludzu, wokodzakodza, akatumizidwa kunyumba kuti akapume angathe kukomoka usiku womwewo.

Ndipo pali zina zimene mwana sanganene amayi ake ali pompo. Mnyamata amene wayamba kusuta fodya kapena chamba sadzaulula pamaso pa kholo. Mtsikana amene wadumpha mwezi sadzanena, chonsecho kumva ngati mpweya sukukwana n'kofala m'miyezi yoyambirira ya pathupi, mimba isanaoneke n'komwe. Chimene chimachitika m'chipinda cha adokotala tonse timachidziwa. "Adokotala, mwanayu akungoyasamula ngati sagona," amayamba amayi, ndipo amafotokoza zonse mpaka kumapeto, mwini thupi ali chiweramire, akuyang'ana nsapato zake. Akafunsidwa kuti, "Eti, ndi choncho?" amangoti, "Eee."

Mfundo yomaliza ya otsutsa ndi imene mbali yoyamba imavutika kuyankha. Tiyerekeze kuti n'zoonadi, ndi nkhawa. Nanga thandizo lake lili kuti? Kwa mwana, "ndi maganizo chabe" amamveka ngati "ukunama", ndipo kwa kholo amamveka ngati "wayamba misala" kapena "akudzipangitsa". Mwa njira zonse ziwiri chitseko chatsekeka. Mwana sadzadandaulanso, ngakhale tsiku limene mapazi adzayambe kutupa. Akatswiri a matenda a maganizo ndi ochepa kwambiri m'dziko muno, ndipo palibe kholo limene lingakwere basi kupita ku Zomba Mental kapena ku St John of God ku Mzuzu chifukwa choti mwana akuyasamula. Choncho m'malo ambiri mawu aja sakhala dzina la matenda, amangokhala njira yoitanira wotsatira pamzere.

A mbali yoyamba amayankha kuti mndandanda wa matenda oopsawa ndi wochititsa mantha pomva, koma lililonse limabwera ndi anzake. Mphumu imadzutsa usiku ndi kutsokomola. Magazi ochepa amaoneka m'zikope ndi m'zikhatho. Mtima wofooka umalepheretsa kugona chagada ndiponso umatupitsa mapazi. TB imabwera ndi chifuwa, thukuta la usiku ndi kuonda. Mwana wonenepa bwino amene dzulo wamenya mpira mphindi 90 koma akubanika pa nthawi ya masamu alibe chimodzi mwa zimenezi, ndipo kumuyendetsa m'zipatala chifukwa cha matenda a ana ena n'kumulakwira. Pamenepa akunena zoona. Koma taonani kuti kuti anene zimenezi, ayamba afunsa za usiku, ayang'ana m'zikope, agwira mapazi, ayeza pasikelo. Yankho lawo likuvomereza mwakachetechete zimene otsutsa akupempha.

Pali kafukufuku mmodzi amene mbali zonse ziwiri zimamukokera kwawo. Mu 2001 Mike Thomas ndi anzake ku England anapereka mafunso a Nijmegen aja kwa akuluakulu amene ankalandira mankhwala a mphumu, ndipo pafupifupi mayi mmodzi mwa atatu alionse ndi bambo mmodzi mwa asanu alionse anaoneka kuti amapuma mosokonekera. Ena amati, mwaona, anthu ambiri otchedwa a mphumu vuto lawo ndi kapumidwe. Ena amati, mwaona, kupeza kapumidwe kosokonekera sikutanthauza kuti mphumu palibe. Ine ndikuona kuti achiwiriwa awerenga bwino. Munthu amene anabanikapo zenizeni usiku ndi amene amaphunzira kulondera mpweya wake. Mtsikana wa magazi ochepa amene mtima umamugunda m'makutu ali ndi chifukwa chomveka chokhalira ndi nkhawa. Ziwirizi zimakhala m'thupi limodzi kawirikawiri, ndipo funso loti "ndi thupi kapena ndi maganizo" limatikakamiza kusankha pamene palibe chosankha.

Maganizo anga ndi oti pa ulendo woyamba otsutsa ndiwo akulondola, ndipo zimene akupempha sizifuna makina a ku Gulupu kapena ku Kamuzu Central. Zimafuna mphindi 10 ndi mafunso oyenera: chimayamba nthawi yanji, chimakudzutsa usiku, ukathamanga chimakula kapena chimatha, umatsokomola, waonda, umamwa madzi kwambiri, ukamasamba umataya magazi ochuluka bwanji. Funso la mankhwala lisaiwalike, chifukwa ena monga fluoxetine amayasamulitsa okha, ndipo la tulo nalonso, pakuti mwana wodzuka 3 koloko m'bandakucha kuwerengera MSCE, kapena wogona kukamwa kuli pululu chifukwa cha mphuno zotsekeka, adzayasamula tsiku lonse popanda chodabwitsa. Kenako kuyang'ana m'zikope, kumvetsera mtima ndi mapapo pakhungu penipeni, kuyeza magazi, shuga ndi HIV, ndi kumuuziritsa m'kachitoliro ka peak flow ngati kalipo. Pali kuyeza kumodzi kwaulere kumene ndimadabwa kuti sikuchitika kawirikawiri: kumuuza mwanayo kuti azungulire chipatala mwandawala kawiri kapena katatu, abwere, n'kumupananso chala ndi kumumvetseranso. Wa mapapo kapena mtima wodwala amabwera ali wefuwefu, nambala itatsika kapena m'chifuwa mukulira. Wa kapumidwe kosokonekera nthawi zambiri amabwera akupuma bwino kuposa mmene anachokera, ndipo iye mwini amaona zimenezo ndi maso ake, zomwe zimaposa kumutsimikizira ndi pakamwa. Pomaliza, mawu aulemu kwa kholo: "Mayi, tatipatsaniko mpata pang'ono ndicheze naye yekha." Boma linakhazikitsa mfundo za chithandizo chokomera achinyamata m'zipatala mu 2007, koma ambiri timaziona ngati za kulera ndi makondomu basi, chonsecho mwana wobanika akufunikira chinsinsi chomwecho.

Zonsezi zikatuluka bwino, ndimasamukira ku mbali yoyamba, ndipo ndimasamuka ndi mtima wonse. Kubwereza zoyeza zomwezo pa chipatala chachitatu ndi chachinayi sikudzawonjezera kanthu koma mantha. Chimene ndikukana ndi mawu oti "ulibe vuto". Vuto ali nalo, lili ndi dzina, ndipo limachizika. Mwana wa Fomu 2 angamvetse bwinobwino nkhani ya carbon dioxide ndi dzanzi ngati wina atamufotokozera, ndipo kwa ambiri kumvetsa kokhako kumachepetsa zizindikiro. Angaphunzitsidwe kugona chagada, dzanja limodzi pachifuwa lina pamimba, kupumira m'mphuno mofatsa kuti likwere ndi la pamimba, kutulutsa mpweya motalikirapo kuposa pokoka, ndi kudikira pang'ono asanakokenso. Chovuta kwambiri ndi kusiya kuthamangitsa mpweya waukulu uja. Chilakolako choyasamula chikabwera ameze malovu, apume kamodzi kakang'ono m'mphuno, achisiye chidutse. Masiku oyamba zimasautsa, chifukwa thupi linazolowera carbon dioxide wochepa ndipo limadandaula akayamba kubwerera pamlingo wake, koma pakatha milungu ingapo limazoloweranso. Zopumira m'pepala kapena m'jumbo zimene anthu amaonera m'mafilimu madokotala anasiya kulimbikitsa, chifukwa ngati wobanikayo ali ndi mphumu kapena vuto la mtima zingamuphe.

Kodi zimenezi zimafuna katswiri? Kafukufuku wotsogozedwa kuchokera ku Southampton, wofalitsidwa mu 2018, anapeza kuti akuluakulu a mphumu amene anaphunzira kapumidwe pa DVD ndi kabuku anapindula pafupifupi mofanana ndi amene anaphunzitsidwa pamasom'pamaso. Mapapo awo sanasinthe, koma moyo wawo wa tsiku ndi tsiku unapepuka. Anali akuluakulu, osati ana a sekondale, komabe zikusonyeza kuti namwino kapena mlangizi wa zaumoyo angaphunzitse zimenezi. Ku mbali ya nkhawa yeniyeniyo, ya fizi, ya mayeso, ya bambo womenya, ya chibwenzi, ntchito ya Friendship Bench imene Dixon Chibanda anayambitsa ku Harare inaonetsa mu 2016 kuti agogo ophunzitsidwa kumvetsera ndi kuthandiza munthu kusanthula mavuto ake pabenchi amachepetsadi zizindikiro za nkhawa ndi kukhumudwa. Choncho kusowa kwa akatswiri si chifukwa chokwanira chomusiyira mwana chimanjamanja.

Chinthu chimodzi chaching'ono chimasintha tanthauzo la ulendo wonsewo, ndicho tsiku lobwerera lolembedwa m'buku. "Ubwerenso pakatha milungu 4 tidzaone" amauza mwana kuti wamvedwa, ndipo amapatsa dokotala mwayi wachiwiri wogwira chimene chinabisala. Pamodzi ndi tsikulo kholo liuzidwe zimene sizidikira tsiku: kubanika kolepheretsa kumaliza chiganizo, milomo kuda, kukomoka makamaka pothamanga, kutsokomola magazi, kutupa mapazi, kutentha thupi, kuonda, ludzu losatha.

Patsala mfundo imodzi imene mbali ziwirizi zimakanganabe ngakhale zitagwirizana pa zonsezi, ndiyo sikani ya mtima. Otsutsa amati popeza matenda a mavavu amabisala kwa chomvetsera m'chifuwa, monga kafukufuku wa ku Lilongwe uja anaonetsera, mwana aliyense wobanika kwa miyezi atumizidwe kukaunikidwa. Enawo amati mavavu owonongeka pang'ono moti samveka n'komwe sangabanikitse munthu, ndipo ofika pobanikitsa amamveka, amathamangitsa mtima, amalepheretsa mwana kuzungulira chipatala kuja. Pa ichi ndili ndi achiwiriwa. Kuunika ana athanzi m'masukulu pofuna kugwira matendawa msanga ndi nkhani ina, yofunika payokha. Koma banja la ku Nsanje kapena ku Chitipa lisagulitse mbuzi kuti likafole pa chipatala chachikulu ndi mwana amene mtima wake ukumveka bwino, amathamanga bwino, ndipo sanadwalepo kutupa kwa mfundo za miyendo ndi manja. Ngati pa tsiku lobwerera lija wayamba kutsalira anzake pokwera chitunda, pamenepo kalata yomutumiza ilembedwe.